Mphoto ya Phokoso

Dzina langa silinali pa chipepala cha pakhomo.
Ndinalowa ngati wonyamula katundu,
n'kukhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi zenera losweka
pomwe mphepo ya Julaye imalowera osaodira.
Holo ya sukulu, pa boma la Ntcheu,
nsalu ya pabedi ataikhomera pa bolodi,
jenereta ikutsokomola kuseri.

Ine ndine Gelevazio, wa kabaza pa Lizulu.
Siphiwe anandilemba ganyu ya masiku anayi:
iye pakaliyala, atafulatira msana wanga,
foni yong'aluka galasi ataimangirira ku mtengo wa mopu,
ine ndizipalasa ngati ndanyamula mazira a eni
kuti ajambule mai Nangozo akuyenda ndi dengu la kachewere
m'mbali mwa tala, uku Malawi, uko Mozambiki.

Tinabwereza kakhumi ndi kawiri.
Poyamba thiraki ya simenti inatimwetsa fumbi.
Kachitatu mwana wina anadumphira kutsogolo n'kuyamba kuvina.
Kachisanu ndi chiwiri mai Nangozo anagulitsadi mbatatayo
kwa bambo wa m'minibasi wosadziwa kuti ndi sewero,
ndipo ndalamayo anaimanga pa chitenje, nkhani n'kuthera pomwepo.
Batire likafa tinkalisiya kwa ometa
ife n'kumakukuta chimanga chootcha.

Koma tcheni changa!
Kwii, kwii, kenaka zii, kenaka kwii.
Siphiwe analimbana nacho usiku wonse pa laputopu yobwereka.
"Achimwene, mwandiphera filimu.
Ka oilo kokha kanakukanikani?"
Anayesa kuchifufuta, chinakana.
Anangochisiya, tsiku lopereka linali litakwana.

Tsono mayi wa jekete yofiira anang'amba envulopu.
Filimu yopambana: anyamata a ku Bilira, ya wakuba mbuzi.
Tinaomba m'manja, m'manja mozizira.
Wosewera bwino: mtsikana wa ku Nsipe
amene analira misozi yeniyeni, ena akuti ndi anyezi.
Siphiwe anawerama kumanga zingwe za nsapato
zomwe zinali zomanga kale.

Envulopu yotsiriza inali yaing'ono.
Woweruza wa imvi anaimirira, magalasi ali pamphuno:
"Mu filimu ya mayi wa mbatata ija
muli kulira kwina kosaoneka mwini wake.
Si gitala, si ng'oma.
Tinamva umphawi ukuyenda pambali pa mayiyo,
osamupitirira, osamusiya.
Amene anaganiza zimenezi ndi mmisiri."

Nthungululu.
Siphiwe anandicheukira, pakamwa pali yasa,
kenaka anapita kukalandira kachikho ka pulasitiki kopaka golide
ndi satifiketi yolakwika dzina: Sipiwe.
Pa maikolofoni anathokoza Mulungu, amayi ake, mwini laputopu,
n'kuloza kumbuyo: "Ndi achimwene awo."
Mitu yonse inatembenuka.
Ndinavula chipewa, sindikudziwa chifukwa chake.

Umphawi, akutero bamboyo.
Njinga ija inaphunzitsa mlongo wanga mpaka Folomu Folo.
Inathamangitsa mayi wapakati kuchipatala mvula ili pamsana,
mwanayo lero akuyenda.
Pa madigadi ake ndinalemba ndekha ndi penti: Osafooka.
Komabe mwina bamboyo sananame.
Makutu a munthu wokhuta amamva zina
zomwe ife tinaleka kuzimva.

M'thumba la jekete munali kabotolo ka oilo.
Ndinakagula m'mawa womwewo
kuti ndipepese nako tikaluza.
Njira yonse m'minibasi kankandigunda m'nthiti,
Siphiwe atagona, chikho chili pamiyendo.

Mawa ndili ndi matumba atatu a kabichi,
ndipo tcheni chouma sichichedwa kuduka.
Ndithira, palibe kuchitira mwina.
Koma ndiyamba ndazungulira msika kamodzi,
pang'onopang'ono, kudutsa pa mai Nangozo, kudutsa pa ometa,
kuti onse amve
mmene amalirira wopambana.