Mjigo wa ku Kamwendo

Sabata yonse tinkamutcha Mwarabu,
mwini makina oboolera mjigo
kuseri kwa sukulu ya ku Kamwendo.
Iye duu, kumangomanga manati,
kupukutira girizi pa ovolosi.

Lachisanu, pa mamita makumi anayi,
fumbi lofiira lija linasanduka phala,
paipi inatsokomola kawiri, kenaka inalavula.
Amezyani anagwada, chipewa uko:
Aman! Aman!
Mayi Nangwenya anavomera ameni,
kuyesa munthu akupemphera.

Madzulo, titatsamira tayala la lole,
tikuswa mtedza wa chalimbana,
anati m'Chichewa chake chotsimphina:
Aman ndi madzi. Si Chiarabu ayi.
Ndi Chitamaziti, cha amayi anga.

Anatola msomali n'kulemba pamatope.
Apa Moroko, mapiri, kwathu.
Apa Aljeriya, amati Chikabile.
Apa Libiya, apa Siwa wa ku Ejipito,
kachitsime kokhakokha pakati pa mchenga.
Msomali unatsetsereka mpaka ku Mali ndi Nijeri
kwa Atuwaregi ophimba kukamwa.
Sitimvana zonse, anatero,
mphika unasweka kalekale,
mapale ali kutalikutali,
koma ukapempha aman
aliyense akuthamangira chikho.

Pambali anajambula chilembo:
kamtengo, manja m'mwamba, miyendo tang'a,
ngati munthu wokana kugwa.
Kusukulu, anati, ndinadya chikoti
chifukwa cha kanthu aka.

Ndiye anatembenuka. Nanga iwe, Jere,
Mngoni amati chiyani madzi?

Ndinafufuza m'kamwa monga m'thumba lobooka.
Ingoma ndimavina, chishango ndili nacho,
nthenga ndimavala akabwera alendo,
koma mawu a nyimbozo
ndimangowatafuna ngati chingamu cha eni.
Patapita nthawi kanatuluka kamodzi,
konyowa, kozizira, kochokera pansi zedi:
amanzi.

Anaseka mpaka kutsamwa mtedza.
Aman, amanzi!
Si pachibale, mwina anangokumana panjira
ngati ifeyo.

Lole inanyamuka Lolemba, kulowera ku Mkanda.
Mapu aja mbuzi zinapondaponda.
Koma pa simenti ya mjigo, isanaume,
pansi pa dzina la bungwe ndi deti,
kamunthu kaja kanatsala, manja m'mwamba.
Ana amati ndi chule.

Ine ndikapopa m'mawa, chigubu chikudzaza,
ndimanong'ona mawu anga amodziwo
kuti mwana wanga Zikhale amve
ndipo afunse.