Alendo a Kuseri kwa Nyumba

Mvula ya Lachitatu inachezera usiku wonse pa Mabvuku.
M'mawa, popita kukataya phulusa,
ndinawapeza ali ndaa
pakati pa mzere wa repu ndi khoma la a Gwatidzo:
asanu ndi awiri, zipewa zotuwa,
wamng'onoyo dothi likadali kumutu
ngati mwana wochokera kumasanje.

Ndinagwada. Ndinanunkhiza.
Utale ndimaudziwa, sumera kutali ndi chulu.
Ndelema, amene kuno amati nhedzi,
ndinkazula ndekha m'misuku ya ku Linthipe
ndisanakwere basi yondisiya pa Mbare.
Koma pano palibe chulu, palibe msuku.
Pali mpopi wa khonsolo wouma kukhosi
ndi chingwe choyanikira zovala.
Nanga inu ndinu ana a yani?

A Gwatidzo anasuzumira pakhoma:
ponyamo supuni pophika, ikada usadye.
Mkazi wawo: ngati nkhono yalumako, ndi ndiwo.
Ine ndinakumbuka banja la ku Tafara
limene linadya chamadzulo likuseka,
mbale zake anatsuka ndi anthu ena.
Nkhono ilibe chiwindi changa.

Tiferanji, mdzukulu wanga, anajambula ndi foni.
Foni inati uyu, kenaka inati mwina uyo,
netiweki n'kuthawa.
Ndinamumenya kadzanja atafuna kutola.
Analira. Alire, bola akulira ali moyo.

Chipewa chimodzi ndinachivundikira ndi tambula papepala,
monga anandiuzira mphunzitsi wopuma wa kutchalitchi.
Kutacha chinasiya chidindo,
mizere yobiriwira ngati ndere ya m'ngalande.
Iye anangopukusa mutu:
wobiriwira pansi ndi wa chipatala.

Ndinavala jumbo m'manja, ndinatenga khasu.
Ndinazula onse, ndi mazira awo obisala,
ndinamanga kawiri, nkhuku zisaone.
Pokumba mozama khasu linagunda chofewa:
muzu wa mpeyala
umene malemu bambo a ana anadula
chaka chimene ndalama zinasanduka mapepala.
Ulusi woyera unali utauzinga wonse,
ukuudya pang'onopang'ono, osapanga phokoso,
zaka zonsezi ine ndikuyanika zovala pamwamba pake.

Ndinakhala pansi pamatopepo.
Walira mvula walira matope, ndikudziwa,
koma palibe anandiuza za bowa.

Si mdani, anatero mphunzitsi uja,
akungobweza mtengo kunthaka.
Ingomuchotsani akatuluka, ana asamufike.

Tsono m'mawa uliwonse ndimayamba kuseri,
phulusa kudzanja ili, jumbo kudzanja linalo.
Dzulo atuluka awiri.
Ndinawapatsa moni ndisanawazule,
poti nanenso mumzinda uno
anthu akhala akundiyang'ana chipewa zaka makumi atatu,
osadziwa dzina langa lenileni,
osadziwanso chimene ndikudya pansi pa nthaka.