Buku la Belita

Buku ili linali la Belita, mng'ono wanga.
Analigula ku Tete, kutsidya kwa mlatho,
tsiku lomwe adokotala anamuuza kuti abwerenso.
Chikuto chinathothoka kalekale.
Kuno ku Ulongwe anthu amangoti "lija la Belita,"
ndipo ndikamva choncho ndimayang'ana pansi.

Nkhani yake ndimaimvera m'kamwa mwa eni kubwereka.
Akuti muli mayi wina, mwamuna wake anamwalira
n'kumusiyira ming'oma isanu ndi iwiri ya njuchi,
ngongole,
ndi jekete lonunkha utsi.

Woyamba kulitenga anali Kustodyo woyendetsa shapa.
Ankaliwerenga pasiteji, podikira kuti galimoto idzaze.
Analibweza Lachisanu, litapindika ngati chikwama cha m'thumba.
"Bodza lokhalokha," anatero,
"munthu sachira msanga chonchi."
Anafika pachipata, anaima, anakanda m'mutu:
"Kodi lachiwiri lake liliko?"

Nanzunga wogulitsa kachewere sadziwa kuwerenga.
Ankamuwerengera ndi Zefaniya, mwana wake wa kalasi seveni,
madzulo, atakhala pamatumba.
Pofika pa jekete paja anamuimitsa:
"Bwereza."
Mwana anabwereza.
"Bwerezanso."
M'mawa mwake anamasula mtolo umene unali kudenga zaka zinayi,
n'kuyanika malaya a malemu padzuwa,
anthu onse akuona.

Linapita ndi ku Moatize.
Linabwerako ndi zala zakuda za malasha tsamba ndi tsamba,
ndipo m'mphepete, pamene mayi uja akuyankhula yekha usiku,
wina analemba ndi pensulo timalemba ting'onoting'ono:
Inenso.
Sanasaine.

Anamwino Anastansiya ndiye linawakwiyitsa.
Ati mayiyo wayamba kusekerera mmisiri wa njinga
itangodutsa mvula imodzi.
Anakangana ndi Nanzunga pachigayo, ufa uli mbuu m'nsidze.
"Mvula imodzi yokha?"
"Inu mumafuna zingati?
Amawerengera ndani, boma?"
Wachigayo anazimitsa injini kuti amve bwino.
Pamapeto pake onse awiri anaseka mpaka kugwirana mapewa,
ndipo palibe anagonja.

Wina anamata tsamba long'ambika ndi phala la chinangwa.
Wina anaiwalamo chiphaso cha kusikelo.
Wina anabweza pamodzi ndi botolo la uchi,
osanena kanthu.

Koma pali tsamba la 143.
Pakona pake m'popinda.
Anapinda ndi Belita, Lamlungu lija,
akuti, "Maso atopa, ndimaliza mawa."

Onsewa anadutsapo, palibe anawongola.
Kustodyo akuti anapazemba
ngati dzenje la pamsewu wa ku Zobwe.
Zefaniya akuti amake anamugwira dzanja asanakhudze.

Ine ndakhala wosunga chabe,
wolemba m'kope amene watenga ndi amene wabweza,
ngati kuti ndikalondera bwino
mwini wake adzabwera kudzafunsa.

Lero kwazizira, chisanu cha Juni chotsika ku Domwe.
Ndafunda kapulana yake yobiriwira ija.
Magetsi athima. Ndayatsa kandulo.
Ndayambira poyamba penipeni,
kudutsa dothi la kumunda, kudutsa malasha,
kudutsa Inenso,
mpaka pakona popinda.

Ndakhala pamenepo nthawi yaitali.
Galu wa a Juliyasi wauwa, watopa, wagona.

Kenaka ndatembenuza.

Mayi uja watsegula mng'oma koyamba, manja akunjenjemera.
Njuchi yamuluma pamphuno.
Watukwana malemu mwamuna wake ndi dzina lake lonse,
la ubatizo ndi la mfunda lomwe,
kenaka wakhala pansi m'udzu, akuseka, mphuno ili tuu.

Ndaseka, Belita.
Ndaseka mokweza m'nyumba muno mopanda anthu,
mpaka kandulo yagwedezeka.
Unasiyira pafupi, mwana wa amayi,
tsamba limodzi lokha.

Pakona pako sindinawongole.
Ndapinda panga, pa 160.
Mawa Nanzunga akubwera kudzalitenganso,
ndimuuza adikire.