Pansi pa Boneti

M'mamawa, tambala asanamalize kudzitama,
ndimatsegula boneti n'kuichirikiza ndi mpini wa khasu,
pakuti kachitsulo kake kanathyoka chaka cha madzi osefukira.
Ndisolola kandodo ka oyilo, ndipukuta pa buluku,
ndibwezera, ndisololanso.
Wada bii,
koma alipo. Lero tiyenda.

Bambo anaigula ku Limbe pikapu imeneyi
ine ndisanamere ndevu.
Pano mano anga awiri anapita,
nayo inataya galasi lakumanzere,
chitseko chakumbuyo timamanga ndi chingwe cha mbuzi.
Sitisekana.

Ladiyeta ikudontha pakona paja.
Che Imedi a ku Soko anati, thiramo masamba a tiyi,
bowo lidzitseka lokha.
Ndinathira. Linatseka masabata atatu
mpaka pa chitunda cha Chowe, pa khona lachinayi,
pamene inafuka nthunzi ngati ketulo ya pamaliro,
amayi a malichero n'kutsika mwakachetechete
kukatola miyala yoika kumatayala,
osadikira kuuzidwa.
Mmodzi anapereka madzi ake akumwa.
Sindinamulipiritse, naye sanathokoze,
ngongole inathera pomwepo.

Mitu ya batire imamera ufa wobiriwira.
Madzi otentha, mswachi wakale wa Asiyatu,
kagirisi pang'ono pa chala.
Asiyatu amati galimoto ndimaitsuka mano
kuposa mmene ndimatsukira anga.

Sipanala ya teni ndagula kasanu.
Kasanu konse mchenga wa pabwalo pano wameza.
Amene adzalime pano ine nditapita
adzakolola zitsulo.

Sipuling'i yachitatu inathyokera ku Katuli,
usiku, ndi matumba khumi ndi awiri a nandolo pamsana.
Tinadula nthambi ya tsanya, tinang'amba chubu,
tinamanga monga amangira mwendo wa mwana wogwa mumtengo wa mango,
n'kubwera pang'onopang'ono, giya yachiwiri yokhayokha,
tikumvetsera kulira kwa bawuti iliyonse.

Si zokonza zokhazokha ayi.
Chaka chatha Twaibu anawotcherera zitsulo za m'mbali
kuti okwera azigwira poima.
Anazipaka utoto wotsala pa mpanda wa sukulu,
ndiye kutsogolo n'koyera, kumbuyo n'kwa buluu.
Jafali, mwana wanga, anaika kabowo kotchajira foni
ndi nyali ziwiri zowala ngati ukwati wa mwana wa sitolo.
Tsopano mbuzi za ku Namwera zimationa tili kutali,
komabe sizichoka pamsewu.

Jafali yemweyo ndiye akuti, Bambo, tigulitse.
Onani ma Siyenta akutidutsa pa mlatho,
anthu safunanso fumbi m'makutu.
Njinga zamoto ziwiri, akutero, zingatidyetse bwino.
Ndimangoti, ndipatse pulayazi.

Lachitatu kunabwera anyamata ogula zitsulo zakale,
sikelo yawo ili m'thumba.
Anaizungulira, anagogoda matayala ndi nsapato,
anatchula mtengo wa pa kilo
ngati akugula chimanga chofumbwa.
Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa madzi.
Kenako ndinawapempha andikankheko,
poti sitata inali itadzuka ndi mwano.
Anakankha, atatu onse, mitsempha ili tolotolo m'khosi.
Ndinasiya kilachi pafupi ndi mjigo.
Inatsokomola kawiri,
inalavula utsi pa malaya awo,
n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo yake ija.

Madzulo ake, tikubwera, panamveka kaphokoso
kumanja, chakutsogolo, kochepa ngati udzudzu.
Ndisanatsegule pakamwa
Jafali anapendeketsa mutu, anatseka diso limodzi
monga ankachitira agogo ake,
nati, Imeneyo ndi beling'i.

Sindinayankhe.
Mawa lake ndinapeza jeke ili kale pansi,
miyendo yake yokha ikuoneka kunja,
akufunsa kuchokera mumdima wa pansipo
ngati ndaionako sipanala ya teni.