Matailosi Opanda Simenti

Zaka makumi atatu ndakhala ndikugwada
m'makonde a mzinda wa Porto, ine Abílio,
kumata matailosi a buluu pamakoma a eni,
mpaka bondo lamanzere linandiuza poyera:
bambo, ine ndalekera pano.

Ndiye kunabwera Benedita, mwana wa mlongo wanga,
wefuwefu ndi masitepe a nyumba yathu,
laputopu atapanira m'khwapa.
Akuti, Malume, ndikupanga gemu.
Manambala amandimvera,
koma ndikajambula munthu imatuluka mbatata.
Ndikufuna mayi wogulitsa nsomba wa ku Afurada,
dengu pamutu, mbalame za kugombe zikumulondola.
Timabokosi sikisitini m'litali, sikisitini m'lifupi,
osawonjezera ngakhale kamodzi.

Ndinaseka. Khoma laling'ono chotero
sindinalembedwepo ganyu.

Pulogalamu yoyamba inali ya akatswiri,
yolipira mwezi ndi mwezi ngati lendi,
maburashi mazanamazana, mabatani mbwee.
Ndikaika kadontho kofiira
iyo inkathamangira kukasalaza m'mbali,
mwaulemu wake, kuti ngodya zisaoneke.
Wakutuma ndani?
Tailosi ili ndi ngodya zinayi
ndipo sindinachitepo nazo manyazi.

Yachiwiri inali yaulere, yokhala pa intaneti.
Tinagwirizana masiku atatu.
Lachinayi mvula inakwera ndi mtsinje wa Douro,
netiweki inazima,
mayi uja anapita nayo limodzi, dengu ndi nsomba zomwe,
osatsanzika.
Ndinatulutsa mawu amene ndinawasiya kuntchito,
mpaka Dona Ermelinda wa chipinda chapansi
anagogoda denga lake ndi mtengo wa tsache.

Yachitatu anatiuza ndi mnzake wa Benedita wa ku Braga.
Mtengo wake, nkhomaliro ya anthu awiri,
kulipira kamodzi, nkhani yatha.
Maonekedwe ake otuwa ngati simenti ya dzulo,
sakanakopa aliyense.
Koma nditaitsegula, mizere!
Yoima, yopingasa, yowongoka
ngati chingwe changa chija chopaka choko,
kabokosi kalikonse phee pamalo pake
kudikira dzanja.
Ndinasankha mitundu isanu ndi itatu
n'kutseka chitseko kuti ina isalowe.

Ilinso ndi kanthu kena, amati khoko la anyezi:
ukamajambula phazi lachiwiri
loyamba limaonekera pansi pake, lotumbuluka,
monga khoma lakale limasungira zipsera
za matailosi amene unagumula.
Pamenepo ndinavula magalasi n'kuwapukuta,
ngakhale anali oyera.

Diso la mayiyo ndi kabokosi kamodzi.
Ndikakasuntha kumanja, akuwerenga ndalama.
Ndikakatsitsa pansi, mwamuna wake sanabwere kunyanja.
Usiku wathunthu ndinakhala pa kabokosi kameneko,
khofi atazizira, sitima yomaliza itawoloka mlatho.
Siketi timabokosi tisanu ndi tinayi,
nsomba titatu, kamodzi koyera kuti inyezimire.
Palibe fumbi, palibe ndowa,
palibe bwana woima kumbuyo ndi wotchi.
Ndikalakwitsa ndimangodina, cholakwa n'kufufutika.
Ndikanakhala ndi batani limeneli
chaka chija ndinamata bafa lonse la dokotala
maluwa atayang'ana pansi!

Loweruka Benedita anabwera ndi buledi.
Zithunzi zinayi, anazilumikiza,
mayi uja n'kunyamuka pa sikirini,
dengu likugwedera, mbalame pambuyo.
Anayang'ana, anabwereza, anayang'ananso.
Malume, akutsimphina.

Ndinasendera pafupi. Zoonadi.
Mwendo wamanzere unaperewera kabokosi kamodzi,
pa chithunzi chachitatu.
Sindikukumbuka kuti ndinachita dala.

Ndinagwira mausi kuti ndikonze,
ntchito ya kuphethira kwa diso.
Benedita anaika dzanja lake pa langa,
nyenyeswa za buledi zili kuzala,
osanena kanthu.

Mpaka lero mayiyo amayenda choncho
kutsika msewu wa kudoko,
ndipo nsomba sanagwetsepo.