Khungu Lomera pa Kaboni

Ku Tartu dzuwa la Disembala limalowa
makapu a nkhomaliro asanaume.
Tiiu Raudsepp wayatsa nyali ya pathebulo,
akukwecha kamutu ka elekitirodi
pansalu yonyowa, ya ufa woyera wa alumina,
dzanja likulemba eyiti, eyiti, eyiti,
mpaka diso lake laonekera m'kadontho kakudako.

M'kabotolo mwalowa atatu:
kaboni mwini ntchito,
waya wa pulatinamu womusenzetsa katundu,
ndi siliva, mboni yosayankhula,
amene ena onse amadziyezera pa iye.
Naitirojeni akutumphutsa thovu pansi pa asidi,
kupirikitsa okosijeni, mlendo wosaitanidwa.

Wakweza voliti pang'onopang'ono.
Anilini wayamba kugwirana manja,
unyolo kulumikiza unyolo,
khungu likumera pa kaboni,
lopyapyala kuposa mpweya wa m'kamwa pazenera lozizira.
Chikasu. Kenako msipu. Kenako buluu wa inki.
Voliti ikatembenuka, mitundu nayo ibwerera kwawo.

Pakompyuta mzere ukwera, uwerama, utsika,
n'kujambula bakha wopanda maso.
Kaarel, wophunzira wake, amawerenga abakhawo
uku akutafuna buledi wakuda.
Zana. Mazana awiri.
Khungu likupuma:
limeza maayoni n'kutupa,
liwalavula n'kuphwa,
monga chifuwa cha munthu wogona.

Paulendo wa 412 bakha wagwa msana.
Pa 430 mutu wafota.
Polima watopa ndi kutupa,
wang'ambika mosamveka,
maelekitironi afika pamlatho wothyoka
n'kuima, kukakasi.

"Sabata yathunthu yapita m'madzi," atero Kaarel.
Tiiu sayankha.
Walemba 412 m'kope, walemba mzere pansi pake.
Mwezi watha inali 260.

Avula magolovesi.
Zala zake nazo zang'aluka ndi chisanu.
Akumbukira mayi ake ku Elva,
amene m'mawa uliwonse amadzibaya chala
kufunsa magazi za shuga,
nsonga za zala zitauma gwa ngati chikopa.
Khungu ili, likadzaphunzira kupirira,
mwina lidzafunsa funsolo mopanda singano.
Mwina ayi.

Basi yomaliza yadutsa pamlatho wa Emajõgi,
chipale chofewa chikufafaniza mapazi a anthu.
Iye atunga madzi osungunula,
awaza ufa pansalu,
nakwecha buluu wakufayo mpaka kaboni ayerenso mbee.
Eyiti, eyiti,
eyiti.