Khofi wa Dalvanira

Ine ndimaimba ng'oma ya zabumba kumbuyo kwa Jurandir,
ndiye ndimaona zimene ovina saona:
khosi lake limayamba thukuta
nyimbo isanafike n'pakati pomwe.

Anaipeka mu Juni, kuno ku Caruaru,
timbendera tamapepala titakolekedwa pazingwe
kuchokera kutchalitchi mpaka kumsika wa zikopa.
Mawu ake ndi achipongwe.
Akuti: Dalvanira, khofi wako ndi wowawa,
ndimangobwerera mpando wako wa pamthunzi.
Akuti: sindinaone kuti unadula tsitsi Lachiwiri,
sindinaone kuti ndolo yakumanzere inatayika,
ine maso anga ali pa akodiyoni.

Anthu amaseka mpaka kugwetsa chimanga chootcha.
Amati mkuluyu pakamwa mpoyabwa.

Koma tamvetsani bwino.
Wosaona adziwa bwanji kuti linali Lachiwiri?
Yakumanzere, osati yakumanja?
Mpando akunenawo ndimaudziwa:
mthunzi umathawapo ikangokwana naini,
iye amakhalabe mpaka masana,
makapu anayi, shuga osathira,
dazi likupsa ngati chiwaya.

Ena chikondi chawo n'chinangwa.
Pamwamba masamba okhaokha, ogwedera ndi mphepo,
chakudya chenicheni chikunenepa mumdima.

Dalvanira nayenso ndi kadaulo.
Nyimbo ikayamba amatipatsa msana
n'kumatsuka kapu yotsuka kale.
Amati: ameneyo mawu ake ngati chitseko chadzimbiri.
Koma phazi lake, pansi pa tebulo,
limandithandiza kuimba ng'oma,
silinaphonyepo.

Usiku wa Yohane Woyera, moto utayaka m'misewu,
Jurandir anafika pandime ya ndolo ija
n'kuiwala mawu.
Akodiyoni inangoti fuuu, ngati ng'ombe yotopa.
Ine ndinapitiriza kuomba, nanga ndikanatani?
Ndiye kuseri kwa nthunzi ya ketulo
liwu lina linatola ndimeyo n'kuimaliza,
mawu onse,
ngakhale aja mwini wake amawameza dala.

Ovina sanazindikire kanthu.
Anangoti bandi yapeza woimba watsopano.

M'mawa mwake ndinam'peza pampando womwewo,
dzuwa lili pamutu, phulusa la dzulo likuuluka mumsewu.
Ndinati: khofi ali bwanji lero?
Anati: wowawabe.
Anapisa m'thumba la malaya kufuna ndalama,
ndipo pakati pa makobidi panagwa kanthu konyezimira.
Dalvanira anakaona.
Anakakankhira kwa iye ndi chala, pamodzi ndi chenji,
n'kumuthirira kapu yachisanu.